Chingerezi cha pa Msewu wa ku Fort Manning

Angoni a Mpezeni atagonja kwa asilikali a Angerezi m'chaka cha 1898, masiku amene linga la pafupi ndi mapiri a Mchinji lidatchedwa Fort Manning, potengera dzina la William Manning amene pambuyo pake adakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, katundu wopita ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ankayenda pamitu pa amtengatenga, anthu amene sankasowa chinenero china pa ulendo koma nyimbo zawo ndi mfuu ya kapitawo. Koma galimoto itafika, idadza ndi malamulo ake, ndipo malamulowo adadza m'Chingerezi. Pakuti boma lidati onse aziyenda kumanzere monga kwawo ku Mangalande, ndipo zikwangwani za m'mbali mwa msewu zidalembedwa m'chinenero cha olamulawo.

Tsono madalaivala oyambawo, amene ambiri a iwo sadapite patali ndi sukulu, adachiphunzira kuti Chingerezicho? Sukulu yawo idali lole yomwe. Mnyamata ankayamba ndi kusenza matumba a mtedza ndi mabelo a fodya, kuthira madzi mu injini, ndi kulumpha ndi chipika kukatsekera tayala galimoto ikafooka pachitunda, ndipo zitapita zaka ali pampando wa pambali, atamva "slow down", "keep left" ndi "give way" kufikira mawuwo atamlowa m'mafupa, mkulu wake ankampatsa chiwongolero pamalo opanda anthu, namuuza kuti, "Iwe, yesa tione." Buleki, giya, hutala ndi livesi zidalowa m'Chichewa kudzera pakhomo lomwelo.

Chovuta chenicheni, chimene aphunzitsi a m'sukulu zoyendetsa galimoto akulimbana nacho kufikira lero lino, ndicho chizolowezi cha Mngerezi chomangirira kamawu kakang'ono kumbuyo kwa mneni, kotero kuti tanthauzo lonse limagona m'kamawu komalizako. Ife timasintha mneni m'kati mwake, kuima kukhala kuimitsa kapena kuimika. Iye amasiya mneni ali chomwecho, nasintha mchira. Wapolisi akati "pull over" akufuna kuti upatukire pambali ndi kuima, pamene "pull out" ndiko kutuluka pambalipo kulowa mumsewu. Ndipo wophunzira amene adagwira "pull" yekha, nachita manyazi kufunsa zotsalazo, angathe kulowetsa galimoto pamene adauzidwa kuti aichotse. Safunsa adadya phula, adatero makolo. Koma pano phulalo amadya ndi ena amene sadalakwe kanthu. Ine ndiona kuti njira yakale ija, ngakhale idali yaukali ndi yochedwa, idali ndi nzeru imodzi: mawu aliwonse ankaphunziridwa pamodzi ndi phazi ndi dzanja, pa nthawi yomwe akufunika, osati kuloweza pamtima ngati ndime ya katekisimu.

Njanji idafika ku Mchinji m'chaka cha 1980, koma msewu sudapume. Pakuti nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka zotsatira, malole ambiri onyamula katundu wa dziko lino ankadzera ku Mchinji, Chipata ndi Lusaka pa ulendo wautali wa ku Durban, ndipo dalaivala wa ku Kamwendo kapena ku Kapiri ankayankha apolisi a maiko atatu kapena anayi m'Chingerezi chomwecho cha palole. Chichewa chinkamperekeza mpaka ku Lusaka. Kupitirira apo chinkamsiya.

Mu Disembala 2022 apulezidenti Lazarus Chakwera wa Malawi ndi Hakainde Hichilema wa Zambia adatsegula chipata chimodzi cha Mwami ndi Mchinji, kuti malole asamaime kawiri pa malire. Koma amene adzaza msewu wa M12 wa ku Mchinjiwo masiku ano ndi anyamata a kabaza, a njinga zakapalasa ndi zamoto, amene ambiri a iwo sadakhalepo pambali pa mkulu aliyense, ngakhale kulowa m'sukulu yoyendetsa, ndipo zikwangwani zimene amadutsa tsiku ndi tsiku zikali kulankhula Chingerezi.