Makalata a Elizabeth Gaskell

Elizabeth Gaskell (1810–1865) ankakhala ku Manchester, ku England, ndipo anali atatchuka kale ndi mabuku a nthano pamene analemba mbiri ya moyo wa mnzake, Charlotte Brontë. Ena mwa makalata amene ankalandira amasungidwa ku John Rylands Library mumzinda womwewo. Mulinso ochokera kwa Charles Dickens, yemwe ankasindikiza nkhani za mayiyu m'magazini ya Household Words kuyambira mu 1850, ngakhale kuti awiriwa ankakokanakokana pa nkhani zotalika mopitirira muyeso.

Charlotte atamwalira mu March 1855, bambo ake, Patrick Brontë, anapempha Gaskell kuti alembe mbiriyo. Chuma chenicheni chinali kwa Ellen Nussey, mnzake wa Charlotte wa kusukulu, amene anam'bwereka makalata oposa 300. Mwamuna wa Charlotte, Arthur Bell Nicholls, anali atauza Nussey kuti aziwotcha makalata a mkazi wake akawawerenga, koma iye sanamvere.

Mu 1856 Gaskell anapita ku Brussels kukaonana ndi Constantin Heger, mphunzitsi wakale wa Charlotte. Bamboyu, yemwe anali wapabanja, anali ndi makalata oonetsa poyera kuti mtima wa Charlotte unali pa iye. Gaskell anatolapo timawu tosavulaza, zina zonse n'kuzikwirira. Cholinga chinali kuteteza dzina la malemu, koma owerenga anapatsidwa chithunzi choperewera kwa zaka zoposa 50. Makalata anayi otere anatulukira mu 1913, mwana wa Heger atawapereka ku British Museum. Ena anali ong'ambidwa, ndipo mkazi wa Heger ndiye anawalumikizanso, mpaka kuwasoka ndi ulusi.

Bukulo, The Life of Charlotte Brontë, linatuluka mu 1857. Chodabwitsa n'chakuti mayi wosamala chotere sanasamale pa Lydia Robinson, amene anamunena kuti ndiye anasokoneza Branwell, mlongo wake wa Charlotte. Maloya ataopseza, chipepeso chinalembedwa m'nyuzipepala ya The Times ndipo bukulo linakonzedwanso.

Gaskell mwiniwake sankafuna kuti wina adzalembe mbiri yake, moti ankauza anthu kuti aziwotcha makalata ake, ndipo ana ake anawononga mapepala ambiri. Ambiri mwa makalata ake otsala, omwe anali m'manja mwa anthu osiyanasiyana, anasonkhanitsidwa ndi J. A. V. Chapple ndi Arthur Pollard n'kusindikizidwa mu 1966.