Mwini Munda Amene Anasanduka Waganyu: Amayi a M'mapulazi a Kadoma ndi Chegutu

Mpaka chaka cha 1982, matauni a Kadoma ndi Chegutu ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Dera limeneli linatchuka ndi migodi ya golide monga Cam and Motor, komanso ndi thonje, makamaka boma la atsamunda litatsegula malo ofufuzira za mbewuyi ku Gatooma mu 1925. Migodi ndi mapulazi zinkafuna antchito ochuluka, ndipo ambiri anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia. Ena anayenda wapansi, ena anakwera Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Mbiri ya machona amenewa imakonda kusimba za amuna okha, pamene akazi amene anawatsatira, ndi ana awo aakazi obadwira m'makomboni, satchulidwa kawirikawiri.

Kumudzi, kaya ku Dedza kapena ku Ntcheu, munda unkayenda ndi mbumba. Mwamuna ankabwera kudzakhala chikamwini, nalima pa nthaka ya akuchikazi, ndipo ukwati ukatha ndiye ankanyamula katundu. Pa pulazi zinthu zinatembenuka. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapereka nthaka yabwino kwa azungu, ndipo la Masters and Servants Act la 1901 linalamulira antchito a m'mapulazi mpaka nthawi ya ufulu. Wolembedwa ntchito yokhazikika nthawi zambiri ankakhala mwamuna. Nyumba ya ku komboni ndi phoso zinkatuluka m'dzina lake. Mkazi ankaitanidwa ntchito ikachuluka: kupalira, kutola thonje, kusankha fodya. Ankalipidwa malinga ndi ndime imene wamaliza kapena kulemera kwa thumba lake, ndipo nyengo ikatha malipiro ankathanso. Mwamuna akamwalira kapena kuchotsedwa ntchito, mkaziyo ankataya ndi denga lomwe.

Ufulu wa 1980 unabweretsa malamulo a malipiro, kenaka bungwe la antchito a m'mapulazi la GAPWUZ, koma ambiri mwa amayi anakhalabe antchito a nyengo. Kulanda ndi kugawa mapulazi kutayamba mu 2000, vuto lawo linaonekera poyera. Mzimbabwe wochotsedwa pa pulazi ankatha kubwerera kwa mfumu ya kwawo kukapempha malo. Mdzukulu wa mchona analibe mfumu yotero, ndipo ku Malawi kumene ankanenedwa kuti n'kwawo anali asanapondeko. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, kukakamiza aliyense wokhala ndi kholo lakunja kukana unzika wa dziko linalo. Ambiri sanathe kutero, ndipo anawerengedwa ngati alendo m'dziko limene anabadwiramo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma awa anali atakhalamo mibadwo itatu.

Komiti ya Charles Utete, imene inaunika kagawidwe ka malo mu 2003, inapeza kuti amayi analandira pafupifupi minda 18 pa 100 iliyonse ya mtundu wa A1, ndi 12 pa 100 iliyonse ya A2. Antchito a m'mapulazi amene anapatsidwa malo anali ochepa zedi. Motero mayi wa ku komboni anatsekeredwa khomo kawiri, chifukwa cha ukazi wake ndi chifukwa cha chitupa chake. Ena anatsala m'makomboni akale n'kumagwira ganyu kwa eni minda atsopano, ena analowa m'migodi ing'onoing'ono ya golide yozungulira Kadoma, kugulitsa chakudya kapena kusefa dothi.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anakonzako zina. Anazindikira kuti wobadwira mu Zimbabwe, wokhalamo, amene kholo lake ndi nzika ya dziko la SADC, ndi nzika yobadwa nayo. Anaikanso Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe unzika wa m'malamulo umafuna kalata yakubadwa, imene amayi ambiri obadwira m'mapulazi sanalembetsedwe. Popanda kalatayo chitupa sichituluka, ndipo popanda chitupa n'kovuta kulembetsa munda, kulandira mbewu ndi feteleza za boma, kapena kusaina pangano ndi kampani yogula thonje. Mwana wa mayi wopanda chitupa nayenso amavutika kupeza kalata yake, ndipo vutolo limapitirira ku mbadwo wina.

Agogo a amayiwa anasiya minda yawoyawo kumudzi. Adzukulu awo akulimabe ku Kadoma ndi ku Chegutu, koma ambiri m'minda yolembedwa m'dzina la munthu wina.