Katemera wa Mayi, Chitetezo cha Khanda: Mbiri ya Chifuwa Chokoka Mtima

Kachilombo koyambitsa chifuwa chokoka mtima kanapezeka mu 1906 ndi Jules Bordet ndi Octave Gengou ku Brussels. Katemera wodalirika anadza m'zaka za m'ma 1930, pamene Pearl Kendrick ndi Grace Eldering, ku Grand Rapids m'dziko la America, ankayenda khomo ndi khomo kutenga tizilombo kwa ana otsokomola. Pofika m'ma 1940 katemerayu anaphatikizidwa ndi wa kafumbata ndi wa diphtheria, ndipo imfa za ana zinatsika kwambiri.

Komabe panatsala mpata. Khanda silibayidwa katemerayu lisanakwanitse masabata 6 kapena 8, chonsecho msinkhu umenewu ndiwo matendawa amapha kwambiri. Khanda lotere nthawi zambiri silikoka mtima n'komwe monga achitira ana okulirapo. Limangobanika, kusiya kupuma, milomo n'kuda.

Poyamba akatswiri anayesa kubaya onse okhala ndi khandalo: mayi atangochira, bambo, agogo ndi olera. Maganizowo anali abwino, koma kusonkhanitsa banja lonse kuchipatala si nkhani yamasewera, ndiponso mayi wobayidwa atabereka amatenga pafupifupi masabata awiri kuti chitetezo chake chikhwime. Mu 2010 makanda 10 anamwalira ku California. Chaka chotsatira America inayamba kulangiza kuti amayi azibayidwa ali oyembekezera, ndipo mu 2012 inati zizichitika pa mimba iliyonse, chifukwa chitetezochi chimazilala msanga.

Umboni wogwira mtima unachokera ku England. Mu 2012 anthu oposa 9,000 anapezeka ndi matendawa, ndipo makanda 14 anamwalira. Mu Okutobala chaka chomwecho boma linayamba kubaya amayi a mimba ya masabata 28 mpaka 38. Thupi la mayi limapanga asilikali olimbana ndi matendawa, asilikaliwo amadutsa pa nsengwa n'kulowa m'magazi a mwana, motero amabadwa ali kale ndi chitetezo chobwereka kwa mayi ake. Kafukufuku amene anatuluka mu The Lancet mu 2014 anapeza kuti njirayi inachepetsa matendawa ndi 91 pa 100 mwa makanda osakwana miyezi itatu. Ndondomekoyi inayamba ngati yongoyembekezera, koma inakhazikika, ndipo mu 2016 anayamba kubaya kuyambira masabata 16 kuti ana obadwa masiku asanakwane nawonso apindule.

Chodandaulitsa n'choti imfa zitachepa, chidwi nachonso chinachepa. Pofika kumayambiriro kwa 2024, amayi obayitsa ku England anali osakwana 60 pa 100 alionse. Chaka chimenecho odwala anaposa 14,000, ndipo makanda anayambanso kumwalira.

Kwa ife kuno ku Malawi mfundo yoteteza khanda kudzera mwa mayi si yachilendo: ndi mmene katemera wa kafumbata wa kusikelo ya amayi oyembekezera amagwirira ntchito. Koma Td ameneyu sateteza ku chifuwa chokoka mtima. Mwana wathu amayamba kutetezedwa ndi Penta wa pa masabata 6, kenako 10 ndi 14. Ndiye mayi akabwera ndi mwana pa masabata 9 m'malo mwa 6, mwanayo wakhala masabata atatu owonjezera wopanda chitetezo cha katemera, pa msinkhu womwewo umene makanda a ku California ndi England anamwalira.