Ketulo yamagetsi: chingwe cholendewera ndi ngozi kwa mwana

Ketulo zambiri zimakoka mphamvu ya mawati pafupifupi 2,000, choncho ilumikizeni pa soketi ya pakhoma, osati pa ekisitenshoni yotchipa yomwe imatentha mpaka kusungunuka. Madzi asapitirire mzere wa MAX, chifukwa akawira amasefukira.

Koma amene ali pachiopsezo chachikulu ndi ana okwawa. Chingwe chikalendewera patebulo, mwana amachikoka, madzi owira n'kumukhuthukira. Akapsa, thirani madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 20, kenaka thamangirani naye kuchipatala. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira, zimangoipitsa bala.

Zoyerayera zomata pansi pa ketulo, zomwe zimachuluka ndi madzi a pamjigo, zimachoka mukawiritsamo madzi osakaniza ndi viniga kapena mandimu, n'kutsukuluza bwino. Potsuka, izuleni kaye pa soketi ndipo musaiviike m'madzi.