Mwana wa Sylvia Lyon: zimene DNA inayankha ndi zimene inasiya

M'chaka cha 1882, m'dera la Utah ku America, mayi wina dzina lake Sylvia Sessions Lyon ali pafupi kumwalira anaitana mwana wake wamkazi Josephine nam'uza chinsinsi chimene anasunga zaka zoposa 30: kuti iye ndi mwana wa Joseph Smith, mneneri amene anayambitsa mpingo wa Mormon. Josephine nayenso sanafulumire kulengeza. Umboni wake unalembedwa m'mwezi wa February 1915, iye atakwanitsa zaka 71, ndipo kuyambira pamenepo akatswiri ambiri a mbiri ankauona ngati umboni wolimba koposa wakuti Smith anabereka mwana kunja kwa banja lake loyamba.

Chifukwa chimene funso la mwana mmodzi linakulira chotero chili m'mene mitala ya Amormon inayambira. Smith anakhazikitsa mpingo wake mu 1830, atakwatira kale Emma Hale mu 1827. Cha m'ma 1835, mpingo uli ku Kirtland m'chigawo cha Ohio, panamveka manong'onong'o okhudza iye ndi Fanny Alger, mtsikana amene ankagwira ntchito m'nyumba mwawo. Koma mitala inazika mizu ku Nauvoo, m'chigawo cha Illinois, kuyambira April 1841 pamene anatenga Louisa Beaman. Zonse zinkachitika mobisa. Mwambowo ankautcha kumata: mwamuna ndi mkazi ankalumikizidwa pamaso pa Mulungu, ena kwa moyo uno ndi ulinkudza, ena kwa moyo ulinkudza wokha. Ena mwa akaziwo anali kale pabanja ndipo anapitiriza kukhala ndi amuna awo. Vumbulutso lovomereza mitala linalembedwa pa 12 July 1843, koma Smith anaphedwa m'ndende ya ku Carthage pa 27 June 1844 asanavomere poyera kuti ali ndi mkazi woposa mmodzi. Mpingo unalengeza chiphunzitsochi mu 1852 uli kale ku Utah, n'kudzayamba kuchisiya mu 1890.

Emma sanapite nawo ku Utah, ndipo atatsala pang'ono kumwalira mu 1879 anakanitsitsa kuti mwamuna wake analibe mkazi wina. Mwana wawo Joseph Smith III anatsogolera mpingo wina wotsutsa mitala kuyambira 1860, ndipo a mbali yakeyo anali ndi funso lovuta kulizemba: ngati bambo anali ndi akazi ambirimbiri, ana ali kuti? Sanali munthu wosabereka ayi. Emma anam'balira ana 9, ndipo womaliza, David Hyrum, anabadwa mu November 1844 bambo ake ataikidwa kale m'manda. A ku Utah anayankha posonkhanitsa malumbiro a akazi amene ankati anamatidwa kwa Smith, koma mwana woti n'kumuloza ndi chala sanapezeke.

Posowa mwana, anthu anayamba kuyang'ana nkhope. Fawn Brodie, m'buku lake la 1945 lotchedwa No Man Knows My History, anaika chithunzi cha Oliver Buell, mwana wa Presendia Huntington Buell, pafupi ndi zithunzi za ana a Emma, naona kuti akufanana. Ndi mayeso omwe aja a azakhali akabwera kudzaona khanda, oyamba ndi mphuno n'kumalizira makutu. Maina ena anawonjezereka pamndandanda, ndipo kwa zaka pafupifupi 60 panalibe njira yotsimikizira kapena yokanira.

Njirayo inabwera ndi Ugo Perego, katswiri wa za chibadwa wochokera ku Italy, yemwenso ndi membala wa mpingowo. Iye anadalira kromozomu Y, kachigawo ka DNA kamene mwamuna amalandira kwa bambo ake n'kupatsira ana ake aamuna, kosasintha kwenikweni kwa mibadwo yambiri. Sanafukule manda a munthu aliyense. Anayeza zidzukulu zamoyo za ana aamuna a Joseph ndi Emma, napeza chizindikiro cha mzere wa Smith, kenaka n'kuchiyerekeza ndi cha zidzukulu za amuna okayikiridwa aja. Mu 2005 analengeza kuti Moroni Pratt, Zebulon Jacobs ndi Orrison Smith, amene ena ankati ndi mwana wa Fanny Alger, sanali a mzerewo. Patangopita zaka zochepa Mosiah Hancock ndi Oliver Buell anachotsedwanso. Nkhope ija inanama.

Njira imeneyi ili ndi malire amene wolankhula Chichewa sangavutike kuwamva. Kromozomu Y imatchula bambo monga m'mene chilankhulo chathu chimatchulira: wobereka, bambo aakulu ndi bambo aang'ono onse ndi bambo. Zotsatira zikagwirizana, kawirikawiri sizitha kusiyanitsa munthu ndi mkulu wake kapena mng'ono wake. Mphamvu yake ili pokana basi, ndipo pa amuna asanuwa inakana.

Josephine anatsala, pakuti mkazi alibe kromozomu Y. Nkhani yake ndiyo inali yolemera. Anabadwa pa 8 February 1844 ku Nauvoo, Smith akadali moyo. Mayi ake anali mkazi wa Windsor Lyon, wamalonda amene anachotsedwa mumpingo mu November 1842. Agogo ake aakazi, mzamba Patty Sessions, nawonso anamatidwa kwa Smith. Wolemba mbiri Brian Hales anali atamanga mfundo yakuti Windsor atachotsedwa mumpingo banja lake linakhala ngati latha, kotero kuti Sylvia anali ndi mwamuna mmodzi yekha pa nthawi imene anatenga pakati, ndiye Smith. Mfundo imeneyi inkateteza mneneri ku mlandu waukulu, wogona ndi mkazi amene akukhalabe ndi mwamuna wake.

Apa Perego anafunika DNA ya mtundu wina, imene munthu amalandira theka kwa mayi ndi theka kwa bambo. Imeneyi imachepa ndi theka pa m'badwo uliwonse, choncho munthu mmodzi sakwanira. Panafunika zidzukulu zambiri za Josephine, za Smith ndiponso achibale a Lyon. Josephine akanakhala mwana wa Smith, ndiye kuti iye ndi Joseph Smith III anali a bambo mmodzi, ndipo zidzukulu zawo zikanakhala ndi zigawo zofanana zooneka bwino. Sizinapezeke. Zimene zinapezeka n'zofanana ndi a banja la Lyon. Perego analengeza izi mu 2016, ndipo kafukufuku wake anasindikizidwa mu 2019: Josephine anali mwana wa Windsor.

Ena anathamangira kunena kuti nkhani yatha, Smith sanagone ndi mkazi wina aliyense kupatula Emma. Kumeneko n'kulemetsa umboni katundu amene sungasenze. Ana amene anamwalira ali makhanda sanasiye zidzukulu zoti n'kuyeza, ndipo kusabadwa kwa mwana si umboni wa zimene zinachitika kapena kusachitika m'chipinda. Pa mlandu wa Temple Lot mu 1892, akazi ena, kuphatikizapo Emily Partridge, analumbira kuti anakhala ndi Smith monga mkazi ndi mwamuna. Mpingo wa ku Utah womwewo unavomereza mu 2014 kuti Smith anali ndi akazi pakati pa 30 ndi 40, wamng'ono kwambiri anali Helen Mar Kimball wa zaka 14, ndiponso kuti m'maukwati ena mwina munali kugonana.

Chimene zotsatirazi zinachita n'kubwezera mlandu ku mawu a Sylvia. Ngati ankatanthauza kubereka kwenikweni, ndiye kuti iye mwini sankadziwa bwino mwini mimba, ndipo mkazi sakayika chotero pokhapokha amuna onse awiri atakhala naye pa nthawi imodzi. Pamenepo DNA, m'malo moyeretsa Smith, ikuwonjezera kulemera kwa mlandu umene Hales ankafuna kuuchotsa. Koma pali kamvedwe kena. M'chiphunzitso cha Amormon, ana a mkazi womatidwa amawerengedwa a mwamuna amene anamatidwa naye, m'moyo ulinkudza, ngakhale anabadwa kwa wina. Mayi wodwala mwakayakaya, maso ali kale kutsidya, akanatha kunena kuti "mwana wa mneneri" m'lingaliro limenelo, Josephine n'kumva za magazi. Mawu ake enieni kulibe. Alipo ndi amene mwana wake anakumbukira patatha zaka 33 n'kuuza mlembi wa mbiri ya mpingo, Andrew Jenson. Sylvia anali ndi ana ena amoyo, ndipo malinga ndi umboniwo anauza Josephine yekha, mwana amene anabadwa Smith akadali moyo ndipo anapatsidwa dzina lochokera ku lake.