Mbiri ya Gitala ndi Njira Ziwiri Zoiphunzirira

M'midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje, kummwera kwa boma la Lilongwe, gitala si chinthu chodabwitsanso. Imveka m'matchalitchi, pa maukwati ndi m'misika. Koma makolo akale a m'midzi imeneyi sanaidziwe. Iwo anali ndi ng'oma za gule, kaligo wa nsambo imodzi, ndi bangwe, thabwa lija lokungapo nsambo zambiri. Gitala inadza ngati mlendo, ndipo akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mbiri yake ionetsa kuti anthu aphunzira kuiimba m'njira ziwiri, njira ya buku ndi njira ya khutu.

Kwao kwa gitala

Gitala inakulira ku Ulaya, makamaka m'dziko la Spain. Kumeneko kunali choimbira china chofanana nayo, dzina lake vihuela. M'chaka cha 1536, mumzinda wa Valencia, munthu wina dzina lake Luis Milán anasindikiza buku lophunzitsa kuimba vihuela. Bukulo analitcha El Maestro, ndiko kunena kuti Mphunzitsi. M'bukumo munali mizere 6, mzere uliwonse woimira nsambo imodzi, ndipo pa mizerepo panali manambala osonyeza pamene chala chiyenera kukanikiza. Nyimbo zapafupi zinali poyamba, zovuta zinali pambuyo. Motero munthu wodziwa kuwerenga anatha kudziphunzitsa yekha, ngakhale mwini nyimbo anali kutali, ngakhale anali atamwalira.

Maonekedwe a gitala ya Chisipanishi ya masiku ano anachokera kwa mmisiri wa matabwa, Antonio de Torres, amene anabadwa mu 1817 namwalira mu 1892. Iye anakuza mimba ya gitala, napala thabwa la pamaso kuti likhale lopyapyala. Kunsi kwa thabwalo anamatako timitengo toyala ngati zala za dzanja, kuti lisasweke koma linjenjemere bwino. Chifukwa chake mawu a gitala anakula. Pambuyo pake Francisco Tárrega, amene anamwalira mu 1909, anapeka nyimbo zambiri, naphunzitsa ophunzira ake kagwiridwe kabwino. Andrés Segovia, wobadwa mu 1893, ndiye anatenga gitala kuloŵa nayo m'nyumba zazikulu za nyimbo m'maiko ambiri. Nthaŵi imeneyo nsambo zina zinali zopangidwa ndi matumbo a nkhosa, ndipo zinali kuduka kaŵirikaŵiri. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, Albert Augustine wa ku New York anayamba kupanga nsambo za nayiloni, ndipo Segovia anazivomera.

Kaimbidwe ka Chisipanishi kali ndi mwambo wake. Woimba akhala pampando, napondetsa phazi lamanzere pa kampando kakang'ono, natsamiritsa gitala pa ntchafu yamanzere. Chala chachikulu cha dzanja lamanja chiliza nsambo zitatu za mawu aakulu. Chala cha mkombaphala, chapakati ndi chotsatira chake ziliza nsambo zitatu za mawu aang'ono. Nsambo iliyonse ili ndi dzina la chilembo, kuyambira yaikulu kufikira yaing'ono: E, A, D, G, B, E.

Ulendo wodza kuno

Gitala sinafike m'midzi ya Lilongwe ndi buku. Inafika pamsana pa anthu obwerera kwao. Pa nthaŵi ya Atsamunda, msonkho unali wofunika ndalama, ndipo ndalama zinali zosoŵa pamudzi. Amuna ambiri anasiya minda ndi mabanja, napita ku Salisbury, kumene tsopano ndi ku Harare, ku Bulawayo, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, ndi ku Johannesburg, kumene anthu akutcha ku Joni. Ambiri anapita kudzera ku Wenela, kufikira mu 1974 pamene ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown, ndipo boma la Malaŵi linaletsa kulemba anthu. Ena anali asilikali a Keyala amene anamenya nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Pobwerera kumudzi, wina ananyamula njinga, wina galamafoni, wina banjo kapena gitala. Magitala otsika mtengo otchedwa Gallotone, ochokera ku South Africa, anafala kwambiri.

Wailesi nayo inathandiza. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, pakuti kanali kooneka ngati sefuliya. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inali kuulutsa mawu m'Chinyanja kufikira ku Nyasaland. Mwa wailesi imeneyo anthu anamva Alick Nkhata akuimba ndi gitala m'zinenero za kuno. Anyamata anazindikira kuti gitala itha kulankhula Chinyanja.

Njira ya khutu

Mnyamata wa pamudzi analibe mphunzitsi wa sukulu ya nyimbo. Sukulu yake inali khonde la munthu wochokera ku ulendo. Anali kukhala pansi, maso ali pa zala za woimba, khutu lili pa nsambo. Wosoŵa ndalama anali kusema mtengo, nauloŵetsa m'chigubu cha mafuta, nakungapo waya wa mabuleki a njinga. Ambiri anayambira pa gitala yotere.

Oimba a kuno sanatsate mwambo wa ku Spain. Anali kukunga nsambo monga nyimbo yao inafunira. Ena anali kugoneka gitala pa miyendo ndi kutsetsereza botolo pa nsambo, ndipo kaimbidwe ako anakatcha hauyani, kuchokera ku dzina la zilumba za Hawaii. Ambiri anali kuliza ndi zala ziŵiri zokha, chachikulu ndi cha mkombaphala. Chachikulu chinali kugunda ngati ng'oma, pamene cha mkombaphala chinali kuyankha ngati mawu a munthu.

Mwa akatswiri a njira imeneyi, wodziŵika kwambiri m'Malaŵi ndi Daniel Kachamba wa m'mudzi wa Singano, pafupi ndi Chileka. Iye anabadwa mu 1947, ndipo ali mwana anakhalako ku Salisbury, kumene atate ake, James Kachamba, anali pa ntchito. Atate akewo analinso woimba gitala. Mu 1967 Gerhard Kubik, Mzungu wa ku Austria wofufuza za nyimbo, anapeza Daniel ndi mng'ono wake Donald akuimba mumzinda wa Blantyre. Anajambula nyimbo zao ndi zithunzi zoyenda, nalembanso buku lonena za iwo. Kuyambira mu 1972 nyimbo za a Kachamba zinafika ku Ulaya ndi eni ake omwe.

M'chaka chimodzi, cha 1987, anamwalira Segovia ndi Daniel Kachamba. Woyamba anali nkhalamba ya zaka 94, wachiŵiri anali ndi zaka pafupifupi 40 zokha. Nyimbo zimene Segovia anaimba zili m'mabuku, ndipo mwana wa dziko lililonse atha kuziphunzira. Za Kachamba zinapulumuka chifukwa zinajambulidwa. Koma oimba ena ambiri a m'midzi, amene panalibe wowajambula kapena wolemba nyimbo zao, analoŵa nazo m'manda. Apa ndipo pali kufooka kwa njira ya khutu.

Pamene njira ziŵiri zikomana

Sikuti njira ya buku iposa inzake m'zonse. Mu 1952 Hugh Tracey anajambula mnyamata wa ku Katanga, m'dziko la Congo, dzina lake Jean Bosco Mwenda, akuimba nyimbo yake yotchedwa Masanga ndi zala ziŵiri. Patapita zaka 50, mu 2002, John Williams, katswiri wa gitala ya Chisipanishi amene anaphunzirako kwa Segovia, anatulutsa chimbale chokhala ndi nyimbo yomweyo. Wophunzira wa buku anadzaphunzira kwa wophunzira wa khutu.

Munthu wa ku Mitundu kapena ku Nathenje amene waphunzira kuŵerenga atakula ali ndi mwayi umene anyamata a pakhonde aja analibe. Khutu ali nalo kale, pakuti anakulira pa bwalo la mganda ndi chimtali. Tsopano adziŵanso zilembo ndi manambala. Zilembo ndizo maina a nsambo, manambala ndiwo malo a zala, monga munali m'buku la Milán. Chotsala ndi kupirira, pakuti nsonga za zala ziŵaŵa masabata oyamba kufikira khungu litalimba. Kuimba pang'ono tsiku ndi tsiku kuposa kuimba tsiku lathunthu kamodzi pa mwezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo munthu wotere ali ndi ntchito ina yaikulu. Ngati pamudzi pali mkulu woimba gitala, banjo kapena bangwe, wodziŵa kulemba atha kutenga kope ndi pensulo, nalemba mawu a nyimbo, makungidwe a nsambo ndi malo a zala. Atha kupemphanso mwini lamya ya m'manja kuti ajambule mkuluyo akali ndi moyo. Akatero, adzukulu adzapeza poyambira.