Wotchi ya pa nyumba ya okalamba, ndi mtengo wake

Mukadzaona chithunzi cha nyumba zakale zosungiramo okalamba osauka ku England, yang'anani pamwamba pa denga. Kawirikawiri mudzaona kansanja, ndipo pa kansanjapo pali wotchi. Imodzi mwa nyumba zotere ndi Abbot's Hospital ku Guildford, imene anaiyambitsa m'chaka cha 1619 George Abbot, mmodzi wa omasulira Baibulo la King James. Inalandira amuna 12 ndi akazi 8.

Musayese kuti wotchi inali chokometsera. Okhala m'nyumba zimenezi ankayendera malamulo: ola la mapemphero, ola lotseka chipata. Nkhalamba yosauka inalibe wotchi yakeyake, choncho belu la pansanja ndilo linkaidzutsa ndi kuigoneka. Mawotchi oyambirira ankanama ndithu, mwina ndi mphindi 15 pa tsiku, ndipo ambiri anali ndi muvi umodzi wokha, wa maola. Zinasintha pambuyo pa 1656, pamene Christiaan Huygens wa ku Holland anapanga wotchi yoyendera pendulum, kachitsulo kolendewera kopita uku ndi uku.

Nanga mtengo wake? Kugula kunali kuyamba chabe. Wotchi yotere inkayenda ndi zitsulo zolemera zomangidwa ku zingwe, zotsika pang'onopang'ono. Zikafika pansi, wotchi yaima. Pankafunika munthu wokwera makwerero, mwina tsiku ndi tsiku, mwina kamodzi pa sabata, kukapukusa chogwirira kufikira zitsulo zitabwerera pamwamba. Onjezanipo mafuta, zingwe zoduka, ndi mmisiri woitanidwa kuchokera kutali. Ndalama zonsezi zinkachokera m'thumba lomwelo logulira malasha ndi zovala za okalamba. Inu amene munasungapo chuma cha mpingo mukudziwa mmene mikangano yotere imawawira.

Ndiye kunabwera chaka cha 1797. Nduna yaikulu William Pitt, posowa ndalama za nkhondo yolimbana ndi France, anaika msonkho pa nthawi imene: masheleni 5 pa chaka pa wotchi ya m'nyumba, masheleni 10 pa wotchi ya m'thumba yagolide. Ine ndimauona ngati msonkho wopanda nzeru. Anthu anabisa mawotchi awo, ena analeka kugula, amisiri nagwa mu umphawi, ndipo ambiri anayamba kudalira mawotchi a pansanja ndi a m'nyumba za alendo, monga ankachitira okalamba aja kuyambira kale. Lamulolo silinathe ndi chaka chomwe. Analichotsa mu 1798.